Mtengo wa Malipenga wa aNankhoma

Pa zaka makumi anayi zimene a Simeon Kaphuka analima fodya kumudzi kwawo kufupi ndi Nsaru, panalibe chaka chimene anthu odutsa sanaime pamsewu kuyang'ana munda wawo. Tsamba lawo linkatambalala mpaka kuphimba mzere, ndipo alimi anzawo ankati bamboyo mbewu zimamumva. Anali munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, wa mawu ochepa. Koma manja awo sankadziwa kupuma. Ngakhale akudutsa m'munda wa eni, ankazindikira atazula kale kaudzu apa, atathyola kamphukira apo.

Akazi awo, a Dailesi, omwe iwo ankawaitana ndi mfunda wawo kuti aNankhoma, anali mphunzitsi wa ana aang'ono pasukulu ya pulayimale ya m'deralo. Chaka chimene anapuma ntchito anapita ku Dedza kukacheza kwa akulu awo, a Nelia. Atatha milungu iwiri anabwerako ndi thumba la mbatatesi, mapichesi ochepa, ndi kamtengo kotalika ngati mkono kokulungidwa m'nsalu yonyowa.

"Kodi nkhuni zatha kuno kuti muzichita kuchokera nazo ku Dedza?" anafunsa a Simeon.

"Si nkhuni iyi, bambo a Takondwa. Ndi duwa. Kwa akulu anga kuli mtengo wake pakhomo penipeni. Maluwa ake ndi oyera, aatali kuposa dzanja lanuli, ndipo amalendewera chozondoka ngati malipenga. Akuti dzina lake ndi lipenga la angelo."

"Limadyedwa?"

"Mukadya tikakuikani kumanda. Ndi lapoizoni, masamba ndi maluwa omwe."

"Ndiye tibzale pakhomo chinthu chosadyedwa, chakupha?"

"Nanga fodya wanuyo amadyedwa?"

A Simeon anaseka, n'kugonja. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanapambanepo mkangano ndi mphunzitsiyu, ndipo sizinkawadandaulitsa.

"Inu ndi fodya wanu, ine ndi duwa langa," anatero a Dailesi akukumba dzenje m'mbali mwa khoma loyang'ana kumadzulo. "Ndakhala ndikulera ana a eni zaka zonsezi. Tsopano ndikufuna ndilere kanthu kangakanga. Musakakhudze."

"Sindikakhudza," analonjeza motero.

Kamtengoko kanagwira. Kanaphuka timasamba tinayi, kenako tisanu ndi titatu. A Dailesi ankakathirira madzi otsukira mbale m'mawa uliwonse, akukalankhula monga ankachitira ndi ana a sitandade wani pa tsiku lawo loyamba. Koma pofika Epulo masamba aja anayamba chikasu, ndipo a Simeon akamadutsa ankaona chimene akazi awo sankachiona: kamtengoko kanali ndi njala. Kwa iwo kuona mbewu yanjala kunali ngati kumva mwana akulira m'nyumba yotseka. Anapirira mlungu umodzi, n'kupiriranso wina. Lachinayi lotsatira, a Dailesi atavala yunifolomu yawo n'kupita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, a Simeon analowa m'chipinda chosungira katundu, natapa feteleza wa Yuleya m'kachitsekerero ka botolo. Anaboola dothi ndi kamtengo, anathira, anakwirira bwinobwino, n'kusesapo ndi tsache kuti pasaoneke phazi.

Patatha milungu iwiri kamtengo kanali biriwiri.

"Mwaona, bambo a Takondwa?" anatero a Dailesi, nkhope ili ngwee. "Mumati ulimi mumaudziwa nokha. Madzi otsukira mbale okha awa."

"Muli ndi dzanja labwino, aNankhoma," anayankha iwo, akuyang'ana kumbali.

Chimwemwe chimenecho chinawakomera kwambiri a Simeon moti Lachinayi linasanduka tsiku lawo la ntchito yobisa. Ndipo popeza munthu ukayamba kulera mbewu sungailere theka, sanalekere pa feteleza. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbewu ikathamangira kutalika imaonda, ndiye amaithena, kutanthauza kudula nsonga yake, n'kumathyolanso mphukira zotuluka m'mbali kuti mphamvu yonse ipite kumasamba ndi kuthunthu. A Simeon anachita chimodzimodzi. Nsonga ikangoti yakwera, ankaitsina ndi chala chachikulu. Za maluwa sankada nazo nkhawa. Moyo wawo wonse anakhala akulimbana ndi duwa la fodya, lomwe umalidula lero, mlungu wamawa latulukira pena. Kwa iwo duwa chinali chinthu chobwera chokha ngakhale usakuchifuna. Chovuta ndi tsamba. Ankati mtengowo uyambe walimba, ndipo tsiku limene adzausiye udzachita maluwa mpaka aNankhoma adzasowa powayang'ana.

Chaka chinatha, china n'kulowa. Mtengo unafika m'chiuno, wonenepa, wa masamba aakulu ngati mbale zodyera. Duwa ayi.

Lamulungu lililonse masana a Nelia ankaimba foni kuchokera ku Dedza. Ankayamba ndi za matenda, za maliro, za mitengo ya zinthu, koma a Simeon ankadziwa kuti funso lija likubwera, chifukwa akazi awo ankayamba kupotokola ngodya ya chitenje.

"Nanga lija lachita maluwa?"

"Likukula bwino, akulu."

"Kukula ndamva. Ndati maluwa."

Akadula foni, a Dailesi ankapita kukayang'ana mtengo wawo. Tsiku lina m'mwezi wa Juni anauyang'anitsitsa atavala magalasi, n'kuitana amuna awo.

"Taonani apa. Nsonga yadulidwa. Apanso. Ndi apa pakale, pachita chipsera. Pali chimene chikudya mtengo wanga."

A Simeon anafuna kuulula. Koma asanayambe, a Dailesi anali atatembenukira kale kunyumba yoyandikana nayo, komwe mbuzi za a Henderson zinkadya makoko a mtedza pabwalo.

A Henderson Chimbalu ndi akazi awo, mayi a Precious, anakhala moyandikana ndi banja la a Kaphuka zaka zoposa makumi awiri. Ankabwerekana ngolo, mpando wa alendo, ngakhale mchere. Tsikulo a Dailesi anapita okha, ndipo a Simeon anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe.

"Mbuzi zanga sizifika kumeneko, amayi," ankatero a Henderson. "Ndiponso mwanena nokha kuti mtengowo ndi wapoizoni. Zikanadya bwenzi zitafa."

"Ndiye mukuti ndikunama?"

"Sindinatero ayi."

Mayi a Precious anaponyapo mawu awo, a Dailesi n'kubweza, ndipo pofika madzulo mabanja awiriwa anali akupatsana moni wa pakamwa pokha. A Dailesi analamula kuti mtengo umangidwire mpanda wa bango. A Simeon anadula bango kudambo, anamanga mpandawo mwaluso, akudziwa bwino kuti mbuzi imene akuitchingirayo ndi iwo omwe. Poyimba nyimbo kutchalitchi Lamulungu lotsatira, mawu awo sankatuluka bwino.

Kuyambira pamenepo anasiya kuthena. Anati tsopano duwa libwere, nkhani ithe. Anadikira mlungu, anadikira mwezi. Poona kuti palibe chikuchitika, anawonjezera Yuleya, zitsekerero ziwiri m'malo mwa chimodzi, poti pa chimanga feteleza ameneyu ndi amene amatchedwa wobereketsa. Mtengo unangowonjezera masamba. Kutayamba kutentha, masana alionse masambawo ankalefuka ngati nsanza zonyowa, ndipo ena anayamba timadontho totuwa.

Madzulo ena a mu Seputembala, akumwa tiyi pakhonde, a Dailesi anati, "Mawa mundinolere chikwanje."

"Cha chiyani?"

"Ndiudule. Wandidanitsa ndi anzanga, wandichititsa manyazi kwa akulu anga. Mwina dzanja langa ndi la choko basi, si la maluwa."

Ananena mosakweza mawu, akuyang'ana m'kapu, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka a Simeon. Mkazi amene ankatha kukhazika chete ana zana limodzi pansi pa mtengo wa mango anali atagonja kwa kamtengo kamodzi, chifukwa cha iwo.

"Upatseni mpaka mvula," anatero a Simeon.

"Inu si amene munkati n'chinthu chosadyedwa?"

"Ndazolowera kuuona."

M'mawa mwake ananena kuti akupita ku Namitete kukafunsa za mbewu ya fodya. Anathyola tsamba limodzi la mtengo uja ndi kanthambi, anazibisa m'jumbo, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Kumeneko kunali a Mose, mnzawo wa kuubwana, amene anagwira ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za mabwana mumzinda wa Lilongwe zaka makumi atatu. Atakalamba anabwerera kwawo, ndipo tsopano ankagulitsa mbande za maluwa ndi za zipatso m'machubu m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji.

Atalonjerana ndi kufunsana za kunyumba, a Simeon anatulutsa tsamba lija. A Mose analitambasula pabondo, analitembenuza, n'kuyang'ana mnzawo.

"Mwandibweretsera fodya?"

"Ndi lipenga la angelo. La mayi akunyumba. Latha zaka ziwiri osachita maluwa."

"Akulidyetsa chiyani?"

"Iwo amangothirira madzi. Koma pali munthu wina amene amathirako Yuleya pang'ono."

A Mose anatenga kanthambi kaja, n'kupapasa zipsera zake ndi chala. "Munthu winayo amalima fodya, eti?"

"Amalima."

"Ndipo ndi mkulu wa mpingo?"

A Simeon anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. A Mose anaseka mpaka kutsokomola, kenako anadzuka n'kuwakoka dzanja. Kuseri kwa chisakasa chawo, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, kunali mtengo wa mtundu womwewo, wotalika kuposa munthu. Unalibe maluwa tsikulo, koma timaluwa tofota tinali mbwee pansi.

"Yang'anani thunthu ili," anatero a Mose. "Lakwera limodzi, lakwera, lakwera, ndiye apa lagawika pawiri lokha. Mphanda imeneyi ndiye nkhani yonse. Mtengo uwu suchita duwa usanapange mphanda yakeyake. Maluwa onse amabadwira pamwamba pa mphandayo. Tsono inu mukamatsina nsonga, mumaubweza ku sitandade wani. Umayambiranso kukwera, ukati ufike, mwautsinanso."

"Koma ndinasiya mu Juni."

"Munasiya kutsina, koma simunasiye Yuleya. Yuleya ndi chakudya cha tsamba. Mwaupempha masamba, wakupatsani masamba. Walakwa chiyani?"

"Ndiye ndiusiye ndi njala?"

"Ayi, pamenepo ndiye mungaphe. Mtengo uwu ndi wadyera kuposa fodya. Koma umafuna kudya pang'onopang'ono, kawirikawiri, ndiponso zosakaniza."

Anakhala pa benchi, a Mose n'kuyamba kufotokoza mwachifatse. Manyowa a mbuzi owolerana bwino awathire mozungulira, osagunda thunthu. Ena awaike m'thumba, alimize mu ndowa ya madzi kwa mlungu, ndipo madziwo aziwasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka n'kumathirira kamodzi pa mlungu. Phulusa la nkhuni dzanja limodzi pamwezi. Feteleza wa D kompaundi, uja amabzalira fodya, katsinidwe kamodzi pa milungu iwiri, dothi lili lonyowa. Madzi ndowa yodzaza m'mawa ndi madzulo nyengo yotentha, ndipo pansi aphimbire ndi udzu.

"Munaubzala mbali iti ya nyumba?"

"Kumadzulo."

"Ndiye ukupsa. Kwawo ndi kozizira. Umafuna dzuwa la m'mawa, masana mthunzi. Muumangire kadenga ka udzu ngati ka nazale. Ndipo onani kuseri kwa tsambali." A Simeon anayandikira, naona tizilombo tofiira tating'ono ngati fumbi. "Timeneti timakonda pouma. Muzitsuka kuseri kwa masamba ndi madzi a sopo pang'ono. Mukatha muzisamba m'manja, osagwira m'maso. Madzi a mtengowu akalowa m'diso muziona mbuu masiku angapo."

A Simeon anabwereza zonse pamtima monga amachitira ndi mavesi. Atanyamuka kuti azipita, a Mose anawaperekeza mpaka pamsewu.

"Chatsala chimodzi, chimene sindigulitsa m'chubu," anatero. "Mukaulule. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Simungaibise m'Lachinayi."

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Dailesi anali pakhonde akusenda mtedza m'lichero. A Simeon anakhala pampando wawo, anavula nsapato, anazivalanso, kenako anati, "ANankhoma, sindinapitire mbewu ya fodya."

Anafotokoza zonse, kuyambira pa kachitsekerero koyamba mpaka pa mphanda ya a Mose. Sanasiyeko kanthu. A Dailesi anasiya kusenda. Anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kayang'anidwe kamene ana a sukulu ankakaopa kuposa ndodo.

"Zaka ziwiri," anatero.

"Ziwiri."

"Ndiye madzi anga otsukira mbale aja?"

"Ankathandizako."

"Musandinyengerere." Anaika lichero pansi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Tsono mbuzi ija ndi inu? Munadula bango, kumanga mpanda, chitseko n'kuikapo, kudzitchingira nokha?"

Anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. A Simeon anayamba kumwetulira nawo, koma a Dailesi anadula kuseka kuja mwadzidzidzi.

"Za mtengo ndakukhululukirani, chifukwa ndikudziwa chimene munachitira. Koma munandisiya ndikunyoza anthu osalakwa, inu muli kuseri kwa nkhokwe. Chimenecho chandiwawa."

"Ndinachita mantha."

"Mantha ndi ine?"

"Ndi nkhope yanu ija, mmene munkasangalalira. Sindinafune kuichotsa."

A Dailesi anathira mtedza wosenda uja m'kabeseni, anaphimba ndi nsalu, n'kuimirira. "Nyamukani. Tikupita limodzi, ndipo mukayankhula ndinu."

Anawapeza a Henderson akutsekera mbuzi m'khola. Mayi a Precious anayala mphasa. A Simeon anafotokoza kachiwiri tsiku lomwelo, ndipo ulendo uno zinawavuta kwambiri chifukwa a Henderson ankangoti, "Pitirizani, akulu a mpingo, tikumva." A Dailesi nawo anapepesa, maka kwa mayi a Precious, chifukwa cha mawu amene anawalankhula. Mayiwo analandira kabeseni kaja ndi manja awiri.

"Ine zinkandiwawa kudutsa pakhomo panu ngati mlendo," anatero. "Zatha."

"Mbuzi zanga ndiye zapambana mlandu," anatero a Henderson. "Zilipidwe chiyani?"

"Kunena zoona," anayankha a Simeon akukanda kumutu, "tabweranso kudzazipempha thandizo. Tikufuna manyowa."

M'mawa mwake a Henderson anabweretsa okha wilibala yodzaza ndi manyowa akale a pansi pa khola, akuda, ofumbutuka ngati dothi la kudimba.

Ntchito anaigawana. A Simeon anagwetsa mpanda wa bango, ndipo bango lomwelo anamangira kadenga kotchinga dzuwa la masana. Madzi ankatunga ndi iwo, zigubu ziwiri panjinga, kawiri pa tsiku. Amayi a pamjigo ankawaseka kuti a Kaphuka akwatira mkazi wachiwiri womwa madzi kwambiri, iwo n'kumangoti, "Wamkulu anavomereza." A Dailesi anatenga ntchito yodyetsa ndi yotsuka masamba. Loweruka linali tsiku la madzi a manyowa, ndipo ankawayeza mtundu m'kapu yakale asanathire. Feteleza anamusunga okha m'chitini, pamwamba pa kabati.

Chovuta chinali manja a a Simeon. Nsonga zatsopano zitayamba kukwera, zanthete, zobiriwira, chala chawo chachikulu chinkachita kuyabwa. Kawiri konse a Dailesi anawapeza ataweramira mtengo, dzanja lili m'mwamba.

"Manja kumbuyo, bambo a Takondwa."

Iwo ankamvera. Anthu odutsa anazolowera kuona mkulu wa mpingo ataima pafupi ndi mtengo m'mawa, manja atawagwirizira kumsana ngati mwana wa pa asembule.

Okutobala anatentha koopsa chaka chimenecho. Mjigo unkatulutsa madzi mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena a Simeon ankapita kuchitsime cha kudimba, mtunda wautali ndithu. Nazale ya fodya inkafunanso madzi omwewo. Mwana wawo Takondwa, yemwe ndi namwino ku Kasungu, atamva pa foni anawadzudzula kuti adzipweteka msana chifukwa cha duwa. Bambo akewo anangoti msana ndi wawo. Masamba aakulu akale aja anayoyoka limodzilimodzi, ndipo a Dailesi anada nkhawa, koma atsopano anali aang'onoko, olimba, osalefuka masana. Nthambi imodzi yapakati inapitirira zinzake, n'kukwera mowongoka mpaka inafika paphewa la a Simeon. Anachita kukweza kadenga kaja kawiri.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Patatha masiku anayi, a Simeon akumanga zigubu panjinga, anamva akazi awo akuitana ndi mawu otsika, ngati oopa kudzutsa khanda.

"Tabwerani. Ndiuzeni ngati maso anga akunama."

Pansonga pa nthambi yapakati ija panali patagawika pawiri. Tinthambi tiwiri tofanana tinaloza uku ndi uku, ndipo pakati pake penipeni panalendewera kanthu kobiriwira, kakang'ono ngati therere longoyamba kumene.

"Ndi mphanda," anatero a Simeon.

Anaima pamenepo awiriwo nthawi yaitali. Kenako a Dailesi anagwira dzanja la amuna awo, lomwe linali kumsana, n'kulisunga m'lawo.

"Kuti lingalakwitse," anatero.

Kudikira kwa mwezi wotsatira kunali kowawa kuposa kwa zaka ziwiri zija. Tinthambi tija tinagawikanso, ndipo pa mphanda iliyonse panatuluka katherere kena. Tiwiri tinagwa kutawomba mphepo yamkuntho, a Dailesi n'kutitola ndi chisoni. Totsalato tinatalika, tinang'ambika kunsonga, ndipo mkati munatuluka chinthu chopotana ngati ambulera yotseka, chobiriwira motuwa. A Simeon anali pa kalikiliki wobzala fodya, koma masana ankabwera kudzayang'ana asanasambe n'komwe.

Linatseguka Lachiwiri lina Khirisimasi itangopita, dzuwa likulowa. A Dailesi analiona likumasuka pang'onopang'ono, ndipo anatuma mawu kumunda kuti bambo abwere msanga. Pamene ankafika, matope ali m'miyendo, duwa linali litatambasuka lonse, loyera mbee, m'mphepete mwake mutapindikira m'mwamba, likugwedezeka pang'ono ngakhale kunalibe mphepo. A Henderson ndi mayi a Precious anabwera. Ana amene ankadutsa anaima pamsewu, ndipo a Dailesi anawaitana kuti aone pafupi, n'kuwaphunzitsa pomwepo kuti mtengo uwu ndi woona ndi maso, wosagwira, wosalawa. Anawabwerezetsa katatu.

Pofika Lamulungu maluwa anali asanu ndi anayi. Ulendo uno a Dailesi sanadikire foni ya ku Dedza. Anaimba okha, atangochoka kutchalitchi.

"Akulu, lachita."

A Simeon sanamve yankho, koma anaona akazi awo akumwetulira, kenako n'kunena kuti, "Ayi, si ine ndekha. Alamu anu ndi amene anapeza njira." Zina zonse sanazitchule, ndipo a Simeon anawathokoza mumtima.

Panali chinthu chimodzi chimene a Mose sanawachenjeze. Masana maluwawo sankanunkhira kwenikweni, koma dzuwa likangolowa ankatulutsa fungo lokoma, lolemera, lodzaza bwalo lonse mpaka kukhitchini. A Dailesi ankalikonda kwambiri. Anasamutsira mipando yomwera tiyi pafupi ndi mtengo, n'kumakhala atatsinzina, akupuma mozama. Koma a Simeon, munthu amene anatha moyo wake m'chigafa cha fodya osayetsemulapo, fungoli linkawapweteketsa mutu. Mphuno inkatsekeka, maso n'kumachita misozi. Anapirira masiku asanu osanena, akumayetsemulira m'chipewa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapeza mpando wawo utasunthidwa. Unali kumapeto kwa khonde, mbali yochokera mphepo, pomwe mtengo unkaoneka bwino koma fungo linkafika lochepa. Wa a Dailesi unali pompo pambali pake.

"Bwanji mwachoka kufupi ndi maluwa anu?" anafunsa.

"Ndatopa kumva munthu akuyetsemulira m'chipewa. Mukadwala zigubu azinyamula ndani?"

"Ine ndilibe vuto, aNankhoma."

"Mwayambanso kubisa?"

A Simeon anakhala pansi, n'kulandira kapu yawo. "Limandipweteketsa mutu," anavomera.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Ndimafuna ndione kuti mufika nazo pati." Anawathirira shuga, masupuni awiri, n'kutakasa. "Mawa ndi Loweruka. Madzi a manyowa atsala ochepa, mukamize thumba lina."

"Ndimiza m'mawa, ndisanapite kumunda," anatero a Simeon.